Nkhani Zokulungira Zitumbuwa

Pamzere wogula zitumbuwa za nyemba ku Alexandria, mkulu wina anatembenukira mayi amene ankatokosa foni.

"Kale ankatikulungira m'nyuzipepala, mayi. Nkhondo zonse zapadziko ndinaziwerenga zili noninoni ndi mafuta."

"Nkhani zogonetsa, a Haji? Ife foni imatiuza pompopompo."

"Zogonetsa, zong'ambika pakati. Ukafuna mathero ake unkathamangira kwa aphunzitsi, iwo n'kukutambasulira mapu."

"Zachikale zimenezo! Mwana wanga akugwira ntchito ku Chad, koma nkhani zakumeneko ndimazimva tsiku lomwelo."

"Nanga Chad ili mbali iti kuchokera pano?"

"Aaa... dikirani ndione pafonipa."

"Isiyeni, mayi. Ili uko, kuseri kwa mzikitiwo. Mukamusowa mwanayo, muziyang'ana kumeneko."