Thonje Lomaliza la Mayi Gwiritsani

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1961, mwana woyamba m'banja la ana anayi. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mlongo wawo, mzime wa m'nyumbamo, ndipo ndinakulira kumsana kwawo. Mawu akandithawa, mundikhululukire.

Sukulu anayamba mu 1968, ndipo mu 1983 anamaliza maphunziro a unamwino. Pa 9 Ogasiti 1986 anakwatiwa ndi alamu athu atelala ali apawa, munthu wogwira singano tsiku lonse koma woopa magazi koopsa. Tsiku lina alamuwa anadzibaya chala pa makina, n'kukomokera pa nsalu za eni ake. Achemwali ankaikamba nkhaniyi paliponse pamene abale takumana, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka, mwini nkhani akungokanda m'mutu.

Mu 1995 achemwali anawasamutsa kuti azikagwira ntchito ku chipinda cha odwala mwakayakaya. Mu 2009 chipindacho chinalandira masilinda a mpweya wotchedwa naitiriki okusaidi, umene amapumitsa munthu mapapo akalephera, kuti mitsempha ya m'mapapomo itseguke. Madokotala ankatsutsana ngati mpweyawu umachedwetsa magazi kuundana kapena ayi. Malemu sanadikire kuti mkanganowo uthe. Wodwala aliyense wopuma mpweyawu akamuzula singano, iwo ankatsindira thonje pamalopo mphindi zisanu zathunthu, diso lili pa wotchi ya pakhoma, ngakhale foni ilire chotani. Namwino wopupuluma ankamubweza ali kale pakhomo, n'kumuuza kuti, "Gwiritsani!" Dzina loti Mayi Gwiritsani linachokera pamenepo, ndipo linawatsatira mpaka kunyumba. Adzukulu akakhumudwa n'kunyuka bondo ankabisala, poopa mphindi zisanu zija kuposa balalo. Anapuma pa ntchito mu 2021.

Pa 2 Juni chaka chino anadwala chibayo. Patatha masiku asanu anawagoneka m'chipinda chomwe chija, pa bedi la pazenera, ndipo anamwino amene iwo anawaphunzitsa ndi amene anawalumikiza ku mpweya uja. Adokotala sanatibisire. M'mapapo magazi ankaundana timibulu, pomwe pamkono, pobaya singano, ankavuta kuleka. Mankhwala othandiza kwina ankaononga kwina.

M'mawa wa pa 15 Juni, anamwino ali kalikiliki ndi makina opumira, pamkono paja panayambanso kutuluka magazi. Amene anatola thonje anali alamu athu. Ine ndinasendera pafupi kuti ndiwawakhe akamagwa, koma sanagwe. Anatsindira, diso lili pa wotchi ija, monga anakhala akumvera zaka zonsezi. Mphindi zisanu zitakwana magazi analeka, koma iwo sanachotse chala. Achemwali anatisiya 9 koloko itangodutsa, chala cha amuna awo chili pomwepo. Zinandipweteka kwambiri kuti nthabwala yawo ija inatha iwo osaona.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, adzukulu asanu ndi ife alongo awo awiri otsala. A kubanja tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anasamala mphunzitsi wawo mosatopa, anansi amene ankatibweretsera chakudya kuchipatala, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe lero.

Alamu, tsiku lija palibe amene analimba mtima kukuuzani, ndiye ndinene lero pamaso pa anthu. Munagwiritsa bwino, mphindi zinakwana, magazi analeka. Tsopano chotsani chala, achemwali apume.

Mzimu wawo uuse mumtendere.