Mbatata imene a Makwinja anandikaniza

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse, makamaka inu amene mumandiona pa msika wa Namitambo ndikukangana ndi eni mbuzi. Ena mwakhala mukufunsa kuti ndinasowera kuti. Ndinali ku chipatala, anandichita opaleshoni, ndipo Mulungu anandipulumutsa kudzera mwa munthu amene sindikanamugwiritsa ngakhale chingwe cha mbuzi yanga.

Ntchito yanga ndi kunenerera. Munthu akanditchulira mtengo ndimadziwa kuti weniweni waubisa, akandimwetulira ndimayamba ndayang'ana mano a mbuziyo. Choncho chotupa chitayamba m'munsi mwa mimba, adokotala n'kunena kuti matumbo akutulukira pamalo pofooka ndipo pafunika mpeni, ine ndinawafunsa ngati sangatsitseko n'kungondipatsa mapiritsi. Sanaseke. Ndinabwerera kunyumba n'kumangodzimanga nsalu m'chiuno, mpaka tsiku lina ndikukweza tonde pa njinga chotupacho chinalimba ngati mwala, ndinasanza pamsewu anthu akuona. Ku chipatala anachibwezera mkati movutikira, n'kundiuza mosabisa kuti chikadzamangikanso ndili kumudzi mwina sindidzafika. Anandipatsa tsiku la opaleshoni, nati ndibwere ndi gadiyani wondisamalira.

Apa ndiye mtima unasweka. Mayi a kunyumba anali ku Milepa akudwazika amayi awo amene sakanatha kuwasiya, ana ali kutali ku ntchito. Ndinagonekedwa ndekhandekha, anzanga onse mu wodi ali ndi owaphikira. Ndinapemphera, mwina koyamba osanenerera: Ambuye, nditumizireni munthu woti ndimukhulupirire.

Amene analowa anali a Makwinja. Kwa osawadziwa, awa ndi amene timalimbirana mbuzi pa msika, ndipo malo anga a pansi pa mtengo wa mango anayamba kale kuwasirira. Anafika ndi mphasa ndi kapoto, akuti amva kwa wa kabaza. Mtima wanga unati, awa abwera kudzaona ngati ndituluke wamoyo. Phala limene anandiphikira ndinadikira kuti ayambe alawa okha. Analawadi, mpaka kuona pansi pa mbale.

Anamwino anatiuza kuti tikadya chamadzulo, pakamwa pasadutsenso kanthu mpaka tikalowe ku fiyeta, chipinda cha opaleshoni. Koma ine lamulo ndimalitenga ngati mtengo woyamba. Kutacha, odikira tinali ambiri, dzuwa linakwera, njala inatsikira mpaka m'maondo. A Makwinja anakhala m'mphepete mwa bedi langa akusenda mbatata yowotcha.

"Amwene, kachidutswa kokha," ndinatero.

"Ayi."

"Chabwino, makoko okhawo. Kapena tiyi, tiyi si chakudya."

"Mukunenerera ndi ine? Nzeru zanu ndimazidziwa zonse, zina munaba kwa ine." Anaponya chotsalacho m'kamwa, n'kuchotsanso kapu imene inali pambali panga.

Ndinatsimikiza kuti munthuyu akufuna ndikalowe ndili wofooka kuti ndisakadzukenso. Pa bedi loyandikana panali bambo wina, nayenso wodikira opaleshoni, amene mchemwali wake anamumwetsa kaphala atatchinga ndi chitenje. Ndinawasirira, ndinati ubale ndi umenewo.

Nthawi itakwana, wogonetsa odwala anabwera kudzafunsa aliyense ngati wadya. Bambo uja anakana, koma mchemwali wake anati, "Kaphala pang'ono chabe, achimwene sazolowera njala." Wogonetsa uja anamubweza bamboyo pomwepo kuti adikire tsiku lina. Anafotokoza kuti munthu akagonetsedwa m'mimba muli chakudya, chimatha kubwerera n'kulowa m'mapapo, ndipo ena sadzukanso. Kachidutswa kaja kakanandiphonyetsa tsiku langa, chotupa chikadali pompo. Ndipo mmene ndimadzidziwira, sindikanaulula. Ndikananama bwinobwino n'kulowa nako.

Nditatsitsimuka ndinapeza a Makwinja ali pambali ndi beseni. Anamwino atati ndiyambe kuyenda, ndinapempha kuti tiyambe mawa, koma a Makwinja anangondikoleka mkono paphewa pawo n'kundiimitsa. Ndinawatukwana chamumtima khonde lonselo, koma bala linapola bwino.

Tsiku limene ndinabwerera pa msika ndinapeza mbuzi zawo zitamangidwa pa mtengo wanga wa mango. Mtima uja unati, ndinanena ine! Koma atandiona anayamba kumasula. "Ndimakusungirani, ena akanakhalapo kale." Popeza madokotala anandiletsa kunyamula zolemera, mpaka lero a Makwinja ndiwo amandikwezera mbuzi pa njinga. Ndinayesa mwayi, ndinati poti tsopano ndife pachibale anditsitsireko kathazi kamene ndinakakonda. Anati kudwazika n'kwina, mbuzi n'kwina. Sanatsitse.

Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza anamwino ndi madokotala, ndi a Makwinja amene ndikudziwa kuti akamva izi akweza mtengo. Inu amene mwapatsidwa tsiku la opaleshoni, pitani, musalinenerere. Mukauzidwa kuti musadye, limbani mtima, njala ya tsiku limodzi siipha, ndipo gadiyani musankhe wotha kukukanizani. Musatope kupemphera ngakhale yankho litabwera ndi nkhope imene simuifuna. Ine ndinapempha munthu woti ndimukhulupirire, koma Ambuye amene amandidziwa ananditumizira munthu wosandikhulupirira ine, ndipo n'chifukwa chake ndili moyo. Dzina lawo litamandike.