Makisizimu pa Mpando Wakutsogolo

Tandiuzani, n'chiyani chimakhala cha tonse pakamwa, koma cha mmodzi minibasi ikafika? Pa siteji ya Chalimbana, wophunzira wina wa tayi ankadzitama kwa mayi wogulitsa mkaka.

"Amayi, ine nimaphunzira Makisizimu."

"Mamakisi? Munapeza angati, mwananga?"

"Iyayi, ni nzeru zakuya! Mawu akuti 'changa', 'wanga', afunika kufa. Zonse ni za tonse!"

Minibasi itaima, wa tayi anathamangira mpando wakutsogolo. Mayi uja anafika ndi chigubu chake.

"Tulukani nikhale, ba Makisi, miyendo yanga yatupa."

"Amayi, mpando uwu ni wanga! Nayamba ine!"

"Wanga? Mayo ine! Sitinalire n'komwe maliro ake, wauka kale?"

Anthu anafa nalo phwete. Wa tayi anakakhala kumbuyo, chigubu chili pamiyendo.