Amayi a Makhadi Anali Achemwali Anga

Malemu anabadwa pa 9 Epulo, 1969, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni ya sitima, kumene bambo athu ankagwira ntchito yokonza njanji. Anali oyamba mwa ana anayi. Ine ndaima panoyu ndine wachiwiri, mng'ono wawo wopondana nawo. Abale andisankha kuti ndiwerenge mbiriyi ati chifukwa ndine wouma m'maso. Sanandifunse ngati ndili ndi zanga kukhosi, ndiye mundipirire.

Ndikuona kuti theka la anthu mwakhala panonu mwabwera ndi maovolosi a ku fakitale ya mipando kumene malemu ankagwira ntchito. Mwachita bwino kubwera. Inu munkawatcha Amayi a Makhadi, ndipo chibwerereni ndakhala ndikumva mukulira kuti amayi athu, amayi athu. Lirani ndithu. Koma ndikukumbutseni mwaulemu kuti asanakhale amayi anu anali achemwali anga.

Anayamba sukulu ya pulayimale mu 1975. Mutu unkagwira, makamaka masamu. Yunifomu yatsopano inkagulidwa ya iwo, ine ndinkailandira itatha m'zigongono, pakolala patalembedwa kale dzina lawo. Kalasi iliyonse imene ndalowa, aphunzitsi ankandifunsa ngati ndilidi wa mimba imodzi ndi mtsikana wanzeru uja. Mu 1983 anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko, ndipo bambo anawagulira sutikesi yachitsulo. Ine nthawi yanga itafika ndinapita ndi katoni.

Mu 1988 anachita kosi ya maakaunti, ndipo pa 4 Febuluwale, 1991, analembedwa ntchito ku fakitale ya mipando ngati kalaliki wa malipiro. Ofesi yawo kanali kachipinda koyandikana ndi makina ochekera matabwa. Utuchi unkalowera pansi pa chitseko, moti ukapita kukawaona unkatuluka tsitsi lili mbuu ngati wakalamba. Pakhomo panali benchi yaitali. Benchi imeneyo ndaikhalira kambirimbiri kudikira kuti ndione mbale wanga, pakati pa akalipentala ndi opaka vanishi, pamzere ngati wina aliyense.

Pa 17 Disembala, 1994, anakwatiwa ndi alamu athu, aphunzitsi ofatsa akhala kutsogoloku. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu. Alamu sadzanena, chifukwa ndi munthu wa ulemu, koma ine ndinena: ukwati umenewu unali wa anthu atatu, wachitatu ndi fakitale.

Mu 2002, mwana wa kalipentala wina anamwalira bambo ake akuyendayenda kufuna ndalama ya kuchipatala. Malemu sanadye masiku amenewo. Anakakamira abwana, eni fakitale, mpaka anavomera kulowetsa antchito onse pa inshuwalansi ya zachipatala, pamodzi ndi akazi awo, amuna awo ndi ana awo. Kampani inkalipira mbali yaikulu, wantchito n'kumadulidwa pang'ono pa malipiro. Aliyense analandira khadi loti akangolionetsa kuchipatala athandizidwe osatulutsa kanthu m'thumba. Ntchito yoyang'anira zonsezi inapatsidwa kwa malemu, ndipo dzina lija la Amayi a Makhadi linayambira pamenepo.

Kwa inu amene simudziwa kayendedwe ka zinthuzi, ndifotokoze momwe iwo anandifotokozera ine, nthawi zambiri ndisanafunse n'komwe. Chaka chilichonse mwezi wa Seputembala a inshuwalansi amabwera kudzakambirana mtengo wa chaka chotsatira. Amayang'ana kuti chaka chikuthachi anthu a kampaniyo adya zochuluka bwanji kuchipatala. Mukadwala pang'ono, mtengo umaima. Mukadwala kwambiri, umakwera, ndipo ukakwera abwana amayamba kufunafuna poti adule. Kwathu Seputembala unali mwezi woti achemwali kulibe. Ukawaimbira foni ankayankha kuti ndikuimbira, ndipo ankaimbadi, mu Okutobala.

Mu 2009 mtengo unalumpha, ndipo atafufuza anapeza kuti makhadi akubwerekanidwa ngati khasu. Munthu mmodzi anachotsa dzino limodzi lomwelo kawiri. Dalaivala wina wa lole, ali pompano koma sindimuloza, zinaoneka kuti wayamba sikelo ya amayi oyembekezera. Malemu anaika zithunzi pa makhadi onse, naletsa kubwerekana. Munawada chaka chimenecho, musakane lero. Ena munasiya kuwapatsa moni.

Chaka chomwecho mwana wanga wamkazi anadwala mphumu yoopsa. Ine ndimagulitsa nsalu pamsika, ndilibe khadi la mtundu uliwonse. Mwana wangayo ndi wofanana zaka ndi wachiwiri wa malemu, nkhope ngati mapasa, moti ngakhale chithunzi sichikanatigwira. Ndinapita ku fakitale, ndinakhala pa benchi ija, nthawi yanga itakwana ndinalowa n'kupempha khadi la mwana wawo kwa sabata imodzi yokha. Anandikaniza. Anati sangalande khadi la dalaivala m'mawa, masana n'kubwereketsa lawo. Ndinawafunsa ngati magazi athu ndi ochepa mphamvu kuposa lamulo la kampani. Anangovula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

Mawa lake anagulitsa makina osokera amene amayi athu anawasiyira, nalipira chipatala chonse. Mwana anachira, ndi uyo wanyamula nkhatayo. Ndinathokoza, inde. Koma makinawo ndine ndinkawafuna chimwalirire amayi, popeza wodziwa kusoka m'banjamo ndinali ine. Ndipo pamene ndinkaima pawindo la kashiya ndi ndalama za makinawo m'manja, mkazi wa wopaka vanishi anadutsa ndi mwana wake, n'kungoonetsa khadi, chitseko n'kumutsegukira. Kumbuyo kwake kunali achemwali anga, atamunyamulira fulasiki. Zinandiwawa tsiku limenelo, ndipo zikundiwawabe.

Mu 2016 malonda a mipando anavuta. Abwana anaitana malemu n'kuwauza kuti kampani singathenso kulipirira aliyense, choncho pa inshuwalansi patsale antchito okha, ana achotsedwe. Malemu anapempha chaka chimodzi. M'chaka chimenecho anasanduka munthu wovuta kwabasi. Anagula zotchinga pamphuno n'kumayenda m'fakitale kukalipira aliyense wopuma utuchi. Lolemba lililonse ankaima pageti ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi, munthu osalowa asanapereke mkono. Anagwirizana ndi kiliniki ina yapafupi kuti izilandira antchito pa mtengo wotsika, ndipo anaphunzitsa anthu kuvomera mankhwala otchipa amene mphamvu yake ndi yomweyo. Seputembala atafika mtengo sunakwere, ana anatsala pa makhadi. Munawanyamula m'mwamba tsiku limenelo, ndinamva. Ine kuthamanga kwa magazi ndinayamba kudwala chaka chomwecho, koma mkono wanga sunalowepo m'makina aja.

Pa 22 Seputembala, 2018, mwana wanga uja anakwatiwa. Ndinalakwitsa ndine posankha mweziwo. Amayi ake aakulu anafika anthu atayamba kale kudya, foni ili kukhutu, ndipo anachoka keke asanadule, ati bambo wa inshuwalansi wasintha manambala. Pa zithunzi za ukwatiwo akuoneka pa chimodzi chokha, chakumbali. Koma m'nyumba za ambiri a inu muli zithunzi zawo atanyamula makanda anu kuchipatala, akumwetulira mano onse panja. Ndaziona m'mafoni mwanu dzulo, mukundionetsa ngati mukunditonthoza.

Tsopano ndifike pa matenda. Mu Juni chaka chatha malemu anayamba kumva kupweteka m'mimba. Anayamba kuonda, masiketi n'kumawamanga ndi pini. Alamu anawachonderera kuti apite kuchipatala. Ana anawachonderera. Ine sindichonderera, ndinawakalipira. Yankho linali limodzi, lakuti ndi zilonda za m'mimba chabe, apita ntchito ikachepa. Munthu woyendetsa makhadi a fakitale yonse, khadi lake lili m'chikwama, ankagula mankhwala oletsa ululu pagolosale.

Pa 29 Seputembala, 2023, abwana ndi a inshuwalansi anasainirana mtengo wa chaka chatsopano, ndipo unakwera pang'ono pokha. Lolemba lotsatira, pa 2 Okutobala, malemu anavala bwino, napempha alamu kuti awaperekeze kwa dokotala. Atawaunika anapeza khansa ya m'matumbo, itafalikira kale. Dokotala anafunsa chifukwa chimene anachedwera. Iwo anangovula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

Chifukwacho anandiuza ine, tsiku lina masana ndikuwasambitsa, ndipo sanandiuze kuti ndibise. Anati ankadziwa kuyambira mu Julayi kuti si zilonda. Ankadziwanso mtengo wa kuunika, opaleshoni ndi mankhwala a matenda otere, popeza mabilu a anthu ena ankadutsa m'manja mwawo. Anawerengera kuti zonsezo zikalowa m'chaka chimene a inshuwalansi ankayang'ana, mtengo ulumpha, ndipo nkhani yochotsa ana idzukanso. Ndiye anaganiza zodikira kuti asainirane kaye. Anati inali miyezi itatu yokha. Miyezi itatu! Ndinaponya thaulo pansi n'kutuluka panja, chifukwa zimene zinabwera pakamwa panga sizinali zouza wodwala.

Anthu inu, mundimvetse. Sindikunena kuti anachita bwino. Analakwitsa, ndipo anzeru a masamu aja anawerengera molakwika koyamba m'moyo wawo, chifukwa anaika ana anu pa sikelo, iwo eni osadziikapo, ife osatiikapo. Ana awo atatu ndi awa. Wamng'onoyu sanamalize n'komwe sukulu. Palibe mmodzi wa inu anawapempha kuti achite zimenezi, ndikudziwa, ndipo ambiri mukuzimva koyamba. Komabe ndikakuyang'anani ndikuchita nanu nsanje. Munadya nthawi yawo ali moyo, ndipo miyezi imene ikanawapulumutsa inapitanso kwa inu.

Ngakhale m'chipatala simunandisiyire. Nthawi yoona odwala ikakwana khonde linkadzaza maovolosi. Wina wabwera ndi nthochi, wina wabwera ndi funso lakuti mwana wake wobadwa kumene amulembetsa bwanji. Ine ndinkakuthamangitsani, iwo n'kumakuitanani ndi dzanja. Anamwalira pa 11 Febuluwale, 2024, dzuwa likutuluka, ali ndi zaka 54. Pa nthawi imeneyo m'chipindamo munali alamu ndi ine basi. Dzanja limene linawatseka maso ndi langa, ndipo chimenecho chokha palibe adzandilande.

Abwana, eni fakitale, ndakuonani mwakhala pampando wachiwiriwo. Tikuthokoza chifukwa cha bokosi ndi galimoto. Koma ndili ndi mawu, ndipo ndasankha kuwanena pano pali mboni. Matenda a achemwali anga sanathawe, anangosamukira m'chaka chino. Opaleshoni, mankhwala, miyezi yonse ya m'chipatala, zonsezo a inshuwalansi adzabwera nazo patebulo panu Seputembala akubwerayu. Mtengo udzakwera, ndipo munthu amene ankakugwirani dzanja kuti musadule ndi uyu wagona apayu. Wina adzakunong'onezani kuti njira yachidule ndi kuchotsa ana. Ine ana amenewa sindiwadziwa, ndipo ndanena kale kuti makolo awo ndili nawo mangawa. Koma mukadzawachotsa, ndiye kuti mbale wanga wafera chabe. Munatitengera munthu, tavomera. Musatitengerenso chifukwa chimene anapitira. Dulani pena, mukhale pansi ndi antchito anu mugawane mtolowo, koma makhadi a ana muwasiye. Mukadzaiwala, ndidzabwera ndekha. Benchi ija ndikuidziwa, ndipo kudikira ndinazolowera.

Inunso a maovolosi, amene mukumva kupweteka penapake, pitani kuchipatala mawa. Musadikire mwezi uliwonse. Khadi limenelo lagulidwa modula.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, aamuna awiri ndi wamkazi mmodzi, komanso mdzukulu mmodzi. Asiya alongo awo awiri, ndi ine mng'ono wawo. Pamene timalemba mbiriyi alamu anati tiwonjezere kuti asiyanso ana onse a ku fakitale. Ndinakana. Lero ndaona mmene mwaliriramu, ndiye chabwino, ndawawerenga, koma akhale kumapeto.

M'malo mwa banja, ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa pamene nthawi inali itatha kale. Ndikuthokoza abusa ndi a kwaya, anansi amene atisungira alendo, ndi amayi amene akhala pamoto chiyambire maliro. Ndikuthokoza akalipentala amene anakana kuti bokosi ligulidwe kwina, nalikhoma okha ndi manja awo. Ndi lokongola, ndavomera. Dalaivala uja wa sikelo ndi amene wanyamula thupi, osalola wina kugwira chiwongolero, nayenso zikomo.

Achemwali, ntchito mwaweruka. Mulungu amene anakuperekani kwa ife poyamba akulandireni, mzimu wanu uuse mumtendere. Kumene mwapitako kulibe Seputembala, kulibe wodzagogoda kufunsa za khadi. Tsiku langa likadzafika ndidzakupezani, ndipo chonde, ulendo umenewo musadzandiuze kuti ndidikire pa benchi.