Madzi a morna

Aulutsi, ndiwerengereni kalatayi, mtima sukukhazikika. Ndine mayi wa mwana mmodzi kuno ku Mongue. Ndinakulira ku Malawi komwe makolo anathawira nkhondo, ndiye Chipwitikizi chimandivuta. Tinabwerera chaka chatha, nyumba tikumangabe.

Pa foni ya amuna anga ndinapeza kaphikidwe ka buledi. Ndinapempha alamu anga, achemwali a amunawo, kuti andimasulire. Pomwe panalembedwa "água morna" iwo anati, "Mlamu, amenewo ndi madzi obwadamuka." Ndinathira pa yisiti. Katatu konse mtanda osafufuma, buledi kuuma ngati njerwa. Apongozi n'kumati, "Wa ku Malawiyu angotithera tirigu." Chonsecho mtanda wa alamuwo ukufufuma bwinobwino, buledi akugulitsa pamsika.

Dzana mwana anatentha thupi. Anamwino kuchipatala anati ndikamupukute ndi água morna. Ine kukuwa, "Madzi obwadamuka pamwana?" Iwo kudabwa, "Mayi, morna ndi ofunda chabe!"

Ndikanapanda kufunsa, bwenzi nditamuwotcha mwana wanga ndi manja angawa. Alamuwo sindinawafunse ngati anandinamiza dala, ndikuopa. Timadyerabe limodzi, koma akati "bwera naye ndimubereke," ndimangomangitsa nsalu kumsana.