Chigubu Chokana Kutseguka

Pamzere wogula petulo ku Mponela, bambo wina wa ku Chisepo ankalimbana ndi chivindikiro cha chigubu chofiira. Mayi wa kumbuyo kwake anatopa n'kuonerera.

"Bambo, mutha mano. Chigubu satsegula ndi kamwa."

"Tomato akufota kudimba, mayi, pampu ilibe mafuta. Chigubu cha mafuta ophikira andikaniza. Chovomerezeka n'chimenechi, koma chimandida."

"Anachipanga dala kuti ana asamatsegule."

"Ndiye ine mwana? Imvi zonsezi?"

"Mumayamba mwadinikiza, kenako n'kupotokola. Kunyumba amakutsegulirani ndani?"

"Chigulireni, ankachitha ndi malemu akazi anga okha. Petulo sichinamulawepo."

"Pepani. Nanga chikulira tchekecheke bwanji?"

"Ndimayesa ndi mmene amapangira."

"Tabweretsani kuno. Eee! Bambo, muli mtedza umu! Wambewu, wosankha bwino."

"A Lusiya inu! Malemuwo anandiuza kuti unadyedwa ndi makoswe. Ankadziwa kuti ndikazinga."

"Mzere wayenda. Tikhuthulire m'chitenje changa?"

"Ayi, tomatoyo ndikathirira ndi ndowa. Tsekani mmene anatsekeramo, ndipo ndayang'ana kumbali. Ndingaumalize mvula isanagwe."