Anandigoneka m'chigafa cha fodya

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndi mayi uja munkamva kuti akuwola ali moyo kwa Dzoole. Ndili ndi matenda a shuga, ndipo atandichita opaleshoni yochotsa chotupa m'mimba, bala linakana kupola.

Ndinakwatiwa chitengwa, choncho potuluka m'chipatala ndinabwerera pakati pa abale a amuna anga. Mwambo wathu mukuudziwa: wozonda matenda sabwera chimanjamanja, ndipo wodwala sakana. Aliyense ankabwera ndi thobwa lothira shuga wambiri, ati libwezere magazi. Adokotala anali atandiletsa zotsekemera, koma ndikakana, alamu anga a Nabanda, mlongo wa amuna anga, ankati ndikuwayesa afiti. Mtengwa alibe pakamwa. Ndinkangomwa.

Ulusi umene anandisokera unamasuka, bala linayamba kutuluka mafinya. A Nabanda anati fungo likuthawitsa alendo, ndipo anandinyamula ndi mphasa yomwe n'kukandigoneka m'chigafa cha fodya. Amuna anga sanawaletse. Ndili momwemo ndinkamva alamu akukonza zowapezera mkazi wina, a Esinati, mayi wamasiye wa ku Ntchisi. Ndinapemphera mtima ukuwira kuti Ambuye, musalole ndifere muno anthu awa aseke.

Tsiku lina a Esinati anabweradi kudzaona pakhomo, a Nabanda akuwalozera nyumba yanga ndi mbuzi zanga. Atamva kubuula anasuzumira m'chigafa. Anaona bala, anaonanso chikho cha thobwa nyerere zitadzaza.

"Amayi, muli ndi shuga?" anandifunsa.

Ndinavomera ndi mutu. Anati bambo awo anamwalira ndi bala ngati lomweli. Anakhuthula thobwa lija pamapazi pa a Nabanda, n'kuthamanga kukapeza ngolo. Mkazi amene anaitanidwa kudzalowa m'nyumba mwanga ndiye ananditsitsa zitunda za kumudziko atandipakata m'ngolomo mpaka kuchipatala. Kumeneko adokotala anatsuka bala, anatsitsa shuga ndi jakisoni, n'kusokanso. Linapola pang'onopang'ono, ndipo a Esinati anabwerera kwawo osayang'ananso amuna anga.

Nditachira ndinati mapemphero oyamika achitikire m'chigafa momwemo. Amuna anga anasesa okha. A Nabanda ndinawayalira mphasa ija pamaso pa amayi onse a mumpingo, ndipo anakhala maso ali pansi.

"Alamu, fungo lija likadalipo?" ndinawafunsa.

Za kukhululuka abusa akundiphunzitsabe, koma mutu wanga ndi wouma pa phunziro limeneli.

Ndikuyamika Mulungu amene anatuma chipulumutso kudzera mwa munthu yemwe adani anga anadziitanira okha. Inu anzanga a shuga, musataye mtima, pempherani kolimba, ndipo chikho chotsekemera chikaneni ngakhale akuneneni zamwano. Mphasa ija sindinataye. Alamu akabwera kudzacheza, ndimawayalira yomweyo.